Dzina Limene Amama Sakanatha Kulitchula

Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anapeza mwamuna ku Chilumba kumene ankaphunzitsa sukulu ya pulaimale. Mnyamatayo ankakonza mainjini a maboti kudoko. Anali waulemu, wosamwa, wampingo wathu womwewu. Ine ndine munthu wopeza chifukwa pa aliyense, ngakhale abusa sindiwasiya, koma pa iyeyu ndinafufuza mpaka kutopa osapeza kanthu. Anayamba kunditchula kuti adada ng'ombe ya lobola ndi imodzi yomwe isanalowe m'khola, ndipo ine ndinkachita tsinya ngati zikundinyansa, chikhalirecho mumtima ndikukondwa.

Tsiku limene abale ake anabwera kwathu ku Boma kudzaonekera, dzuwa linali la Karonga lenileni, lija limakuwotcha uli pamthunzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Thenga, munthu amene amayenda pakati pa mabanja awiri pankhani za ukwati, anali mkulu wina wa ku Uraha, wolankhula pang'onopang'ono koma wosapindika. Tisanafike pa za ng'ombe, iye anati mbali iliyonse itchule makolo ake akuchimuna. Kwathu kuno mwana ndi wa kwa bambo ake, ndipo anthu ochokera mwa agogo aamuna amodzi sakwatirana, zivute zitani.

Anayamba ndi alendo. Bambo a mnyamatayo anamwalira kale, ndiye amene analankhula ndi azakhali ake, mlongo wa malemuwo. Anati bambo awo anali mtchona. Anapita ali mnyamata kumigodi ya golide ku Tanganyika, anakhalitsa kumeneko, ndipo atabwerako anadzakhazikika kunyanja kufupi ndi Chilumba, n'kukwatira mayi awo. Anatchula ndi dzina lake lomwe. Kenaka anawonjezera, ngati nkhani yosafunika, kuti ankamva zoti mkuluyo anasiya mkazi ndi mwana wamwamuna kumpoto, cha ku Kaporo, koma mwiniwake sankafuna kuzikamba.

Abale inu, nkhaniyo ndinaizindikira nthawi yomweyo. Agogo anga, bambo a adada, analinso mtchona wa ku Tanganyika. Nawonso anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamwamuna cha ku Kaporo. Anabwerako adada atangokwatira kumene, anakhala pakhomopo dzinja limodzi lokha, anakangana ndi mwana wawo, n'kunyamuka kulowera kummwera osadzaonekanso. Adada anasunga mkwiyowo mpaka imfa. Dzina la bambo awo sanalitchulepo ife tikumva, ndipo dzina limene ndimalemba pamapepala n'la amalume awo amene anawalera ndi kuwaphunzitsa.

Thenga anatembenukira kwa ine. "Nanga inu bambo a mwana, agogo anu anali yani?"

Munthu waimvi, wogwira ntchito mu ofesi zaka zonsezi, wokonda kudzudzula anzanga akalakwitsa kalata, ndinalephera funso limene kamwana ka sitandade wanu kamayankha kakusewera. Ndinati dzinalo sindilidziwa, n'kufotokoza zochepa zimene ndinkadziwazo. Azakhali aja anayang'ana pansi.

"Ndiye ng'ombe zikhale kaye kwawo," anatero thenga. "Ndibweranso pakatha masabata atatu. Mukapeze dzinalo."

Mwana wanga anali atagwada chapatali ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo anamva zonse.

Munthu mmodzi yekha wamoyo ankalidziwa dzinalo, ndiye amama, amene ndimakhala nawo pakhomo panga chimwalirireni adada. Koma vuto lonse linagona pomwepo. Mwa ife Ankhonde mkazi amaopa apongozi ake aamuna, timati ukutila. Sawayang'ana kumaso, sakhala nawo malo amodzi, akawamva akubwera amafunda nsalu kumutu n'kupatuka panjira, ndipo dzina lawo silituluka pakamwa pake, kaya ali moyo kaya anafa kale. Akazi ambiri amasiku ano anazisiya zimenezi. Amama ayi. Amapita kutchalitchi, amavala yunifomu ya chigwirizano cha amayi, amameza mapiritsi a kuchipatala mosavuta, koma pa ichi chokha sasuntha.

Alendo atangochoka ndinawapeza kuseri akudyetsa nkhuku.

"Amama, mwamva zimene zachitika. Tandiuzani dzina la asekuru, bambo a adada."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Iwe, mutu ukuyenda bwino? Nditchule apongozi anga ine?"

"Anamwalira kalekale. Palibe amene amve. Ndinong'onezeni kukhutu basi."

"Pakamwa pake ndi pomwepa, kaya ndinong'one kaya ndikuwe."

"Ukwati wa mdzukulu wanu ukutha chifukwa cha zimenezi!"

"Ndiye ukufuna ndidzivule pamaso pa mwana wanga? Choka apa."

Ndinapsa mtima, ndivomere. Ndinakweza mawu, ndinati miyambo ina ndi yopusa, ndinamenya chitseko cha khola la nkhuku mpaka chinazuka. Mayi a ana anga anatuluka m'khitchini n'kundikoka malaya, akuti ndikuchititsa manyazi pamudzi. Amama anatola mbale yawo ya madeya n'kulowa m'nyumba, ndipo masiku awiri sanandilankhulitse.

Mtima utatsika ndinaganiza zina. Ngati iwo sangatchule, nditchule ndine, iwo angovomera kapena kukana. Ndinapita kukapepesa, kenaka ndinatchula dzina lija ananena azakhali a ku Chilumba. Amama sanagwedezeke. "Limenelo sindinalimvepo," anatero. Ha! Ndinatsala pang'ono kuvina. Ndinaimbira thenga nthawi yomweyo, koma iye anandithira madzi ozizira. Anati machona ankasintha maina akafika kumigodi, ena potengera chitupa cha mnzawo, ena pobatizidwa, ndipo ambiri anafa ndi dzina lakuntchito. "Akunyanjawa akudziwa lakumigodi. Mayi anu anamva lakumudzi. Pezani munthu wodziwa onse awiri."

Azakhali aja anatumiza chithunzi chakale cha bambo awo, mwamuna wowonda wovala jekete ndi chipewa. Ndinachikulitsa pafoni n'kuwaonetsa amama. Anaseka, koma kuseka kondimvera chisoni. "Mwana iwe, ine nkhope yawo ndinaiona liti? Ndimadziwa mapazi awo ndi kutsokomola kwawo basi." Ndinakwera minibasi mpaka ku Kaporo, n'kulowa kumudzi pa njinga ya kabaza. Mudzi wa adada unasamuka kalekale chifukwa cha madzi osefukira, pamalo pake pali minda ya mpunga. Okalamba amene akanandithandiza onse anagona. Ndinabwerera ndi nthochi m'thumba, dzina ndilibe. Sabata imodzi inatha choncho.

Lolemba lake ndinakhala padesiki ndagwira kutsaya, mafayilo ali mbwee. Mayi wina amene amatayipa makalata mu ofesi mwathu anandifunsa ngati ndikudwala. Sindikonda kuulula za m'nyumba, koma tsiku limenelo zinangotuluka. Iye anatulutsa foni yake n'kundionetsa gulu la pa intaneti la anthu a kwathu kuno amene amafufuza mibadwo ya makolo awo. Anati muli anthu a ku Mzuzu, a ku Lilongwe, a ku Joni, a ku Mbeya, ena mpaka ku Ulaya. Amatumizirana zithunzi zakale, zitupa za ubatizo, maina olembedwa pamanda, ndipo iye mwini anapezeramo msuweni wake amene sankamudziwa.

Ine magulu a pafoni ndinkawanyoza. Ndinkati ndi a anthu osowa chochita, ongotumizirana miseche ndi zithunzi za maluwa m'mawa uliwonse. Koma tsiku limenelo ndinamupempha mayiyo, mochita kunyengerera, kuti andilowetse. Analembera adimini, mayi wina amene amayendetsa gululo, ndipo nthawi ya nkhomaliro isanathe foni yanga inalira kuti ndalowa.

Uthenga woyamba umene ndinalandira unali lamulo la gululo. Wolowa kumene aliyense adzidziwitse potchula bambo ake, agogo ake aamuna ndi mudzi umene anachokera. Ndinaseka ndekha kuseka kowawa. Funso lomwe lija la pansi pa mango linali litanditsatira mpaka m'foni. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso. Ndinaganiza zoika dzina la amalume a adada kuti ndingodutsa pachipata, koma ndinaona kuti ndikayamba ndi bodza andipezera makolo a eni. Pamapeto pake ndinalemba zoona: agogo anga sindiwadziwa dzina, wodziwa ndi mayi anga okha, ndipo mwambo suwalola kulitchula. Za mwana wanga sindinalembe. Sindinafune kuti nkhani yake iziyenda m'matumba a anthu osawadziwa.

Ndinatumiza. Ndinkaona anthu akuwerenga mmodzimmodzi, osayankha. Woyamba kuyankha anali mkulu wina wa ku Joni. Anatumiza tinkhope toseka mpaka misozi, n'kufunsa kuti munthu wopanda agogo wabwera kudzatani m'gulu la mibadwo. Asa! Ndinamulembera yankho lalitali, lokhudza iye ndi kuthawa kwake kwawo, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti netiweki inathawa ndisanatumize. Pamene inkabwerera, adimini anali atamudzudzula kale, ndipo amayi angapo anali atalemba kuti nawonso mayi awo anali choncho, kuti maina ambiri anapita kumanda ali m'kamwa mwa akamwana, akazi oopa apongozi awo. Ndinafufuta chipongwe changa chija mwakachetechete.

Malangizo anabwera ambirimbiri. Wina anati amama alembe papepala, koma amama sadziwa kulemba. Wina anati ndiwatengere kwa abusa akawamasule, ngati kuti agwidwa ndi ziwanda. Wina, wachibwana ndithu, anati ndiwamwetse kachasu pang'ono lilime limasuke. Ndinaika chithunzi cha bambo wa jekete uja ndi dzina lake lakumigodi, n'kufunsa ngati alipo wodziwa dzina lake lakumudzi. Anthu anayamikira chipewa. Kenaka nkhani yanga inakwiririka, chifukwa panabuka mkangano wa mabanja awiri olimbirana kuti anayamba kufika kuchigwa ndani. M'gulu limenelo ndinaphunzira kuti aliyense ndi mdzukulu wa mfumu. Mdzukulu wa woweta ng'ombe kapena wopalasa bwato sindinamuonemo ndi mmodzi yemwe.

Masiku amenewo foni inandisandutsa kapolo. Ikangolira ndinkaithamangira. Ndinkaiyang'ana pamsonkhano wa mu ofesi, ndikudya, ngakhale m'tchalitchi mkati mwa ulaliki, ine amene ndinkadzudzula achinyamata pa khalidwe lomwelo. Bandulo ikatha ndinkathamangira kumsika dzuwa lili paliwombo. Chakudya sichinkalowa. Mayi a ana anga anaphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe zimene ndimazikonda kuposa chilichonse, ine ndinangotola ziwiri n'kusamba m'manja.

Masana aliwonse, ana asukulu akaweruka, mwana wanga ankaimba. "Adada, pali chatsopano?" Ndinkati tidikire, anthu akufufuza. Iye ankayesa kuseka, n'kundiuza kuti machona anali ambiri, ndipo osiya akazi cha ku Kaporo sangakhale mmodzi. Ndinkavomereza mokweza kwambiri. Nsalu ya ukwati, ija amavala abale onse pa tsikulo, anali atasankha kale kusitolo ya mwenye wina, ndipo ankandifunsa ngati mtundu wobiriwira ungawakhale amama. Mnyamata uja nayenso ankaimba Lachitatu lililonse, moni wake womwe uja, "Adada, mwatandala uli?" Ndinkachita mantha ndi ana awiriwa kuposa mmene ndinkaopera thenga.

Sabata yachiwiri ili kumapeto, adimini anandilembera pandekha. Anati m'gulumo muli mkulu wina wokalamba kwambiri wa ku Mbeya amene salemba, amangotumiza mawu ojambula akafuna. Bambo ake anali kapitawo amene ankatenga anyamata cha ku Kaporo kupita nawo kumigodi, ndipo iye anakulira komweko pakati pa machonawo. Anali atamutumizira funso langa, koma mkuluyo anali m'chipatala ndi chifuwa, foni ili ndi mwana wake. Ndinayamba kupempherera munthu amene sindinamuonepo, ndipo ndisaname, sindinkamupempherera chifukwa cha chikondi. Ndinkangoti Ambuye, asafe asanalankhule.

Mawu ake anafika Lachinayi masana, kutatsala masiku anayi kuti thenga abwere. Ndinatuluka mu ofesi n'kukaima kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, foni ndaikanikiza kukhutu. Anali mawu onjenjemera, Chinkhonde chakale chosakaniza ndi Chiswahili. Anati chithunzicho wachizindikira. Anati anyamata amene ananyamuka ndi bambo ake ulendo umenewo kuchokera dera limenelo anali asanu, ndipo anayamba kuwatchula mwadongosolo, aliyense dzina lakumudzi, dzina la bambo ake, kenaka dzina limene anatenga kumigodi. Woyamba, wachiwiri, wachitatu. Apo anatsokomola nthawi yaitali. Atapuma anatchula wachinayi, dzina lakumudzi limene sindinalimvepo chibadwire, n'kunena kuti ameneyu ndiye wachipewayo, ndipo dzina lake lakumigodi linali lomwe lija la ku Chilumba. Anamaliza ndi wachisanu, n'kundidalitsa.

Tsopano dzina lakumudzi la agogo a mnyamata uja ndinali nalo. Chotsala chinali kudziwa ngati ndi lomwe amama amaliopa. Anyamatawo anali asanu, onse a dera limodzi, ndipo agogo anga akanatha kukhala wina aliyense mwa iwo, kapena wa ulendo wina. Ndinkadziuza zimenezi ndikubwerera padesiki, koma sindinkazikhulupirira.

Masiku awiri ndinayenda ndi mawuwo m'thumba osauza munthu. Apa ndinene chinthu chimene sindinauzepo ngakhale mayi a ana anga. Ndinaganiza zonama. Ndikanangosankha dzina limodzi mwa anayi enawo, n'kukauza thenga kuti gulu landipezera agogo anga, ndi awa. Akanatsutsa ndani? Amama sakanatha kunena kuti ayi, dzina lake ndi lakuti. Mwambo womwe unandizunzawo ukanandibisa bwinobwino. Ng'ombe zikanabwera, mwana wanga akanavala zoyera, ine n'kuvina ndi jekete yanga yatsopano. Ndinafika mpaka posankha dzina lachiwiri, chifukwa linkamveka bwino.

Chinandiletsa si chilungamo, ndisadzitame. Anali mantha. Ndinkaganiza za adzukulu amene akanabadwa, kuti tsiku lina mwana akadzadwala ndidzayamba kudzifunsa. Ndinkaganizanso za tsiku limene thenga adzatchule dzina labodzalo pabwalo amama ali pomwepo, mutu uli pamtunda, osafunda, akundiyang'ana. Akanadziwa kuti mwana wawo wagula agogo. Ndinasiya kuyankha mafoni a mwana wanga, chifukwa mawu anga akanandiulula.

Loweruka masana anangotulukira pakhomo, fumbi la minibasi lili m'tsitsi, m'manja muli jumbo. "Adada, bwanji simukuyankha foni? Mwapeza chinachake, eti?" Mwana ameneyu anatengera ine kuuma mutu. Ndinamutengera pansi pa mango paja n'kumuuza zonse, kupatula za bodza lija. Anamvetsera mawu a mkulu wa ku Mbeya kawiri. Kenaka anati, "Tiyeni tikawamvetsere agogo."

"Mawa, mwanawe. Wafika kumene, yamba wadya."

"Ayi adada, lero. Ndipo ine ndikhalepo."

Amama anali pakhonde, pampando wawo waufupi, akusankha mpunga m'lichero. Anakondwa kuona mdzukulu wawo. Iye anagwada, anawapatsa moni, n'kutulutsa m'jumbo muja nsalu yobiriwira ija kuti aione. Amama anaisisita, anati ndi yolimba, sidzasuluka msanga. Ine ndinaima potero ngati mlendo pakhomo panga pomwe. Zimene ndinkafuna kuchita zinali kutchera mayi anga msampha, ndipo ndinkadziwa. Ulendo uno ndinalibe mtima wotchula dzinalo ndi pakamwa panga pamaso pawo, ndiye ndinasiyira foni.

"Amama, pali mkulu wina wa kwanu amene ali ku Tanzania. Akukamba za anthu akale. Tamumverani."

Ndinaika foni pampando wina n'kukweza mawu. Atangomva Chinkhonde chakalecho nkhope yawo inawala. "Eee, uyu ndiye akulankhula, osati zanu zosakanizazi," anatero, manja akupitiriza kutola timiyala mumpunga. Mkuluyo anatchula woyamba. Amama anaseka. "Ameneyo ndikumudziwa, anabwera ndi galamafoni, mudzi wonse unkasonkhana kwake." Anatchula wachiwiri, uja ndinafuna kumuba. "Iii, ameneyo anafera konko, mkazi wake analowedwa chokolo ndi mng'ono wake." Wachitatu anapukusa mutu, sanamudziwe.

Kenaka mkuluyo anayamba kutsokomola. Ine ndinkadziwa kutalika kwa chifuwa chimenecho, ndinali nditachimvetsera kambirimbiri. Mwana wanga anagwira nsalu yobiriwira ija ndi manja onse awiri. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga, loti amama aseke, anene kuti ameneyonso ankamudziwa, anali ndi ng'ombe yolusa, chilichonse.

Dzina linatuluka.

Lichero linagwa. Amama, amene podzuka pampando amafuna munthu wowagwira dzanja, anatsetsereka okha n'kugwada pansi, anakoka chitenje cha paphewa n'kufunda mutu wonse, n'kutembenukira kukhoma, msana kulozetsa kufoni. Mpunga unamwazika khonde lonse, nkhuku n'kuthamangirapo. Mkulu wa ku Mbeya anapitiriza yekha kutchula wachisanu.

"Zimitsa! Zimitsa icho!" Mawu awo ankachokera m'kati mwa nsalu. "Mwana wopanda ulemu iwe, ukundibweretsera apongozi anga pakhonde ndisanafunde?"

Ndinazimitsa. Palibe anathamangitsa nkhuku zija.

Amama anakhala chofunda choncho kanthawi, kenaka anafunsa chifukwa chimene tangoti chete. Iwo sankadziwa kuti dzina limene analisunga zaka zonsezi ndi la munthu yemwe uja wachipewa. Anawauza ndi mwana wanga, mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati akufotokozera ana a m'kalasi mwake: kuti apongozi awo atachoka ku Kaporo anakakwatira kunyanja, kuti anabereka mwana wamwamuna, ndipo mwana wa mwana ameneyo ndi amene anabwera kudzaonekera pansi pa mango. Bambo a mnyamatayo ndi adada anga anali a bambo mmodzi. Mnyamata amene ndinkamuyembekeza kukhala mkamwini wanga anali mng'ono wanga.

Amama sanavule nsalu ija. Ndinangoona mapewa awo akugwedezeka. Anatambasula dzanja chakumbuyo, akufufuza, mpaka anapeza bondo la mdzukulu wawo n'kuligwira. Ndinali ndisanawaonepo amama akulira chimwalirireni adada, ndipo ndinadzida chifukwa cha chitseko cha khola chija ndi mawu onse amene ndinawanenera.

Foni inanjenjemera pampando. Anali adimini, akufunsa ngati mawu a mkulu uja andithandiza, kuti gulu lonse likudikira kumva ngati ndapeza agogo anga. Ndisanaibweze pansi inayamba kulira. Pagalasi panatuluka dzina limene ndinamusungira mnyamata uja miyezi ingapo m'mbuyomo, tsiku lina ndili wokondwa: mkamwini wanga. Mwana wanga analiona. Tinaisiya ikulira mpaka inaleka yokha.

Iye sanalire pamenepo. Anapinda nsalu yobiriwira ija bwinobwino, ngodya ndi ngodya, n'kuibwezera m'jumbo. Anatola lichero, anayamba kuwola mpunga umene nkhuku zinasiya. Ali chowerama choncho, osandiyang'ana, anafunsa.

"Adada, Chilumba ndi yaing'ono. Lolemba ndikakumana naye pamsewu wa kudoko. Ndizikamutchula kuti ndani?"

Yankho ndinali nalo. Mwana aliyense wa kwathu kuno amadziwa mmene amatchulira mng'ono wa bambo ake. Ine amene ndinakalipira amama masabata atatu apitawo chifukwa cholephera kutchula dzina limodzi, ndinatsegula pakamwa, mawu aja osatuluka. Ndinagwada pambali pake n'kuyamba kumuthandiza kutola mpunga.